Mungu wa Akakombo

Chipewa chija chinali cha amayi. Kamluzu anachizindikira ali pazenera la kukhitchini, manja ali m'thovu, akutsuka makapu obwereka amene anthu anamwera tiyi pamaliro. Chinali chipewa chaudzu chong'ambika kumbuyo, ndipo tsopano chinali pamutu pa mlamu wake, mkazi wa mlongo wake wamng'ono, amene ankayenda pang'onopang'ono m'dimba la kuseri kwa nyumba. Majombo nawonso anali a amayi. Ngakhale kaweramidwe kake, dzanja limodzi lili m'chiuno, kanali kobera malemuwo.

"Nkhata za pamanda sizinafote n'komwe, wina wavala kale chipewa," anatero Kamluzu.

Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anali pambali pake akupukuta makapuwo. Anasuzumira pazenera n'kubweza khosi.

"Musiye mwana wa eni ake. Letesi sadziwa kuti pakhomo pagwa zovuta, amafuna madzi basi."

Kamluzu anatsuka kapu imodzimodziyo mpaka inayamba kulira m'manja mwake. Iye ndiye anali woyamba kubadwa m'nyumba imeneyo. Anali telala kutauni ina yakutali, ndipo kwawo ankabwera patchuthi pokha, atanyamula madiresi amene anasokera amayi ake. Dzina loti Kamluzu anamupatsa ndi amayi omwewo, chifukwa ali mwana chifuwa chake chinkalira ngati munthu akuimba mluzu. Chifuwacho chinatha kalekale, koma dzina linakanirira mpaka imvi zinayamba kumera.

Chimene sichinathe china ndi chilonda cha dimba. Kuyambira ali wamng'ono, akangoponda phazi pafupi ndi maluwa, mawu ankamupeza: "Tuluka m'menemo! Iwe Kamluzu, ndati tuluka!" Atakula, zinangosintha kavalidwe. Ankati akatsika basi, atatopa, mtima uli dyokodyoko kufuna kukumbatira mayi wake, mayiyo ankatulukira kuseri kwa nyumba, zala zili psuu ndi zinthu zofiirira, n'kubisa manja kumbuyo. "Usandikhudze. Dikira ndisambe kaye." Mwana n'kuima pakhonde ndi chikwama chake ngati wogulitsa malonda, kudikira kuti mpopi utsekedwe.

Koma mpongozi atabwera, zonse zinamasuka. Mtsikana wa kwa eni anapatsidwa khasu, anapatsidwa mbewu, anapatsidwa ngakhale dzina loti "mwana wanga". Kamluzu anawaonapo ndi maso ake akuseka limodzi pakati pa mabedi, amayi akumusisita tsaya mpongoziyo ndi dzanja lamatope. Dzanja lomwelo, limene kwa mwana wobereka okha linkayamba lapita kumpopi. Nsanje ndi matenda oipa, ndipo Kamluzu ankadziwa kuti akudwala, koma kudziwa dzina la matenda si kuchira.

"Paja iwe unali m'basi pamene ankatsirizika," anatero amayi aang'ono, akutsitsa mawu monga amachitira munthu amene nkhani yamuyabwa pakamwa kwa nthawi yaitali.

"Ndinali m'njira. Mukudziwa."

"Ine ndinali pomwepo, kumiyendo kwa bedi. Sindikufuna kukupweteka mtima, mwana wa achemwali anga."

"Nenani, amayi."

"Anamugwira dzanja mlamu wakoyo, n'kunena kuti, 'Akakombo atsala pang'ono kumasula. Kamluzu akabwera, asayandikire.' Basi. Atatero anagona, osadzukanso."

Kapu inaterereka n'kumira m'madzi. Kamluzu anaivuula bwinobwino, n'kuitsukuluza, n'kuipereka. Ndiye kuti mpweya wotsiriza wa mayi wake unathera pa kumuthamangitsa m'maluwa. Sanati mumuuze kuti ndinkamukonda, sanati mumupatse chakuti. Anangosiya mlonda pachipata.

Masana mlongo wake, amene anali dalaivala wa lole, anakweza mipando ndi makapu obwereka kuti akabweze, ndipo mkazi wake anapita nawo kukathokoza eni ake. Amayi aang'ono anagona pasofa, pakamwa pali yasa. Kamluzu anavula nsapato zake za m'tauni, natenga khasu kuseri kwa chitseko, n'kulowa m'dimba ngati mwini wake.

Linali laling'ono kusiyana ndi mmene linkaonekera pazenera. Pakati panali mabedi a letesi, wina wobiriwira, wina wofiirira m'mphepete mwa masamba. Kukhoma kunali akakombo, ataliatali mpaka pachifuwa, mitu yawo itatupa koma isanatseguke. Ndiye m'mbali mwa letesi monse munali chisokonezo chimene chinamukondweretsa kwambiri. Koriyanda anali atakula mpaka m'chiuno, atachita timaluwa toyera, masamba ake atasanduka tingano. Minti nayenso anali ndi ngala zofiirira, ndipo zitsamba zina zonunkhira, zimene amayi ankathira m'zakudya, zinali zitayanga maluwa ponseponse. Tizilombo tinali ng'waa pamwamba pake.

"Mlimi wake ndi ameneyu?" anadziyankhulira. "Chipewa chokha, ntchito osaidziwa."

Ngakhale telala amadziwa kuti ndiwo zikachita maluwa ndiye kuti zakalamba. Anayamba kuzula. Anazula ndi mtima wonse, mizu ikulira, fungo la koriyanda likumukwera m'mphuno, mpaka m'mbali mwa mabedi munayera. Pansi pa zitsambazo anapeza chinthu china chimene chinamuseketsa yekhayekha: timbale tokwiriridwa m'dothi mpaka m'milomo, todzaza ndi madzi athovu onunkha mowa, nkhono zakufa zikuyandama. Mowa, m'dimba la mayi amene moyo wawo wonse ankakhala mpando wakutsogolo kutchalitchi! Anakhuthula timbale tonse, n'kutisanjikiza pakhonde kuti aliyense wolowa ationere.

Lole itabwerera, iye anali atakhala pampando, miyendo itapingasa, matuza ali m'manja koma mtima uli mbee. Mlamu wake anadutsa kupita kuseri kukatsegula madzi. Kunamveka chidebe chikugwa. 

Kamluzu anamupeza atakhala pansi pafupi ndi mulu wa zozulidwazo, atanyamula nthambi ya koriyanda pamiyendo.

"Alamu, mwachita chiyani?"

"Ndalambula. Munasanduka tchire muno."

"Amayi ankazisiya dala."

"Ankasiya tchire dala?"

Mlamuyo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anayankhula motsitsa, osamuyang'ana.

"Letesi amagwidwa ndi nsabwe, zija zobiriwira zobisala kunsi kwa tsamba. Amayi ankakana kupopera mankhwala chinthu chodya chosaphika. Ndiye ankati zitsambazi zichite maluwa, chifukwa maluwa ake amaitana tizilombo tina, tija tofiira ta madontho akuda, ndi tintchentche tooneka ngati njuchi. Timeneto ndi timene timadya nsabwe. Ankati ndi apolisi awo."

"Nanga mowawu? Apolisiwo amamwanso?"

Mlongo wake, amene anali ataima kumbuyo makiyi ali m'manja, analephera kudzigwira. Anaseka mpaka kutsamira khoma, kuseka koyamba m'nyumba imeneyo chichitikire maliro.

"Achemwali, umenewo ndi wa nkhono! Zimaukonda kuposa ine. Zimabwera kudzadya letesi, zikamva fungo n'kugweramo. Amayi ankandituma ineyo kukagula, botolo limodzi, atalikulunga m'nyuzipepala. Tsiku lina anakagula okha, n'kukumana ndi mkazi wa abusa pakhomo pa sitolo. Mwezi wathunthu akuwapempherera!"

Anaona kuti akuseka yekha, ndipo analeka. Mkazi wake ankapukusa timibulu tobiriwira ta koriyanda pakati pa zala.

"Mbewu yake inali isanakhwime," anatero. "Ndi ija amayi ankasunga chaka ndi chaka, kuyambira musanabadwe inu abambo. Ankati tikolole ikauma. Ina kulibe."

Apa mpamene Kamluzu akanapepesa. Mawu ake anafika mpaka pakhosi. Koma manyazi akakumana ndi nsanje, chimene chimatuluka ndi ukali, ndipo anamva mawu ake akukwera okha.

"Amayi ankati, amayi ankati! Kuyambira tsiku la maliro ndikungomva amayi ankati. Kodi anali amayi ako?"

"Achemwali," anatero mlongo wake.

"Iwe khala chete. Ndikufunsa mkazi wakoyu. Anakubereka? Unayamwa bere lawo? Wavala chipewa, wavala majombo, mawa uvala ndi madiresi amene ndinasoka ine ndi manja angawa!"

Mlamuyo anaimirira. Sanali munthu wamkangano, koma ulendo uno anayankha.

"Sanandibereke, alamu. Koma ndi ine ndinkawasambitsa."

Mawuwo analasa pamene anayenera kulasa. Kamluzu anamva kutentha kumaso.

"Chabwino. Nyumba tengani, dimba tengani, nkhono zanu tengani. Ine mawa ndikwera basi, ndipo pakhomo pano simudzandionanso. Koma akakombo awo ndikumba, ndipita nawo. Chimenecho chokha."

"Musakumbe panopa, chonde. Ali pafupi kumasula. Mukawazula tsopano afa. Pamafunika maluwa athe, masamba aume okha, chakudya chibwerere kumutu wa pansi uja wonga anyezi. Nthawi imeneyo ndidzakukumbirani ndekha, onse ngati mukufuna."

"Udzandikumbira? Ndiye kuti maluwa a mayi anga ndizichita kupempha kwa iwe? Ndamva zimene anakuuza kuchipatala. Ndisayandikire, eti?"

Mlongo wake anatembenukira kuzenera la pabalaza, kumene katani inagwedezeka mwadzidzidzi.

"Amayi aang'ono ayamba kale ntchito yawo," anatero. "Achemwali, kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Sizinali choncho, alamu. Dikirani ndikuuzeni..."

Kamluzu sanadikire. Anali atadikira mokwanira pakhomo limenelo. Analowa m'chipinda chimene ankagona ali mtsikana, namenyetsa chitseko, n'kuyamba kupinda zovala. Atamuitana kuti adzadye, anati wakhuta.

Kutacha anadzuka ena onse asanadzuke. Anavala bulauzi yoyera ya paulendo, natenga thumba la saka ndi khasu lija. Udzu unali wonyowa ndi mame. Podutsa pa letesi anaona timizere tonyezimira pamasamba, ndi mabowo atsopano amene dzulo kunalibe. Nkhono zinali zitachita phwando. Anayang'ana kumbali.

Fungo linamupeza asanafike kukhoma, lolemera, lotsekemera mpaka kuseri kwa lilime. Akakombo anali atamasula. Anali oyera, aakulu ngati mbale za tiyi, ena atangoyamba kutsegula milomo. Anaima kaye, khasu lili m'manja, chifukwa ngakhale munthu wokwiya amaona chinthu chokongola.

Kenako anaona chachilendo. Pakati pa duwa lililonse panali timitu tofiirira, tolendewera pa timapesi, todzaza ndi ufa. Akakombo a amayi ankawadziwa bwino, anakula akuwaonera pazenera, ndipo mkati mwawo munkakhala moyera, timapesi tokhatokha topanda kanthu kunsonga. Izi anali asanazionepo.

"Mpaka maluwa wawadwalitsa," anang'ung'udza.

Anawerama kuti aone pokumba. Duwa lina linamukhudza paphewa, lina patsaya. Ataweramuka, bulauzi inali ndi mizere yofiirira, ndipo atayesa kusasa ndi dzanja, ufawo unangolowerera m'nsalu. Anayetsemula. Anayetsemulanso, kenako motsatizana mpaka misozi. Maso anayamba kuyabwa. Anafuna kukoka mpweya, koma unalowa pang'ono pokha, ngati wina wamanga lamba pachifuwa. Ndipo m'kachetechete wa m'mawawo anamva kaphokoso kamene anali atakaiwala, kochokera m'kati mwake mwenimweni: kamluzu kakang'ono, kolira pokoka mpweya ndi potulutsa.

Khasu linagwa. Chitseko cha kukhitchini chinatseguka, ndipo mlamu wake anatuluka akuthamanga, wopanda nsapato, nsalu atangoimanga m'khwapa.

"Mayo ine, ndagonereza! Alamu, chokaniko! Pitani pakhonde, vulani bulauziyo, musaisase!"

Kamluzu anafuna kuyankha kuti asamulamule, koma mpweya woyankhira analibe. Anapita pakhonde. Mlamuyo anamuponyera juzi ya mwamuna wake imene inali pachingwe, namubweretsera beseni la madzi kuti asambe kumaso, n'kukankhira bulauzi ija kutali ndi phazi.

"Khalani mowongoka. Kokani pang'onopang'ono. Ndiwadzutse alongo anu tipite kuchipatala?"

Kamluzu anapukusa mutu. Lamba uja anali atayamba kumasuka. Mlamuyo anamuyang'anitsitsa kwa kanthawi, kumvetsera, ndipo atakhutira anatembenuka n'kubwerera kukhoma.

Ali pakhondepo, Kamluzu anaona zonse. Mlamu wake anagwira duwa loyamba kunsi ndi dzanja lamanzere, mofatsa, ngati akugwira chibwano cha mwana. Ndi zala ziwiri za kumanja anabudula timitu tofiirira tija, kamodzikamodzi, n'kumatiponya m'kachitini. Anapita pa duwa lachiwiri. Amene anali atangotsegula pang'ono ankawalowetsa chala n'kutulutsa timituto tisanaphulike ufa. Duwa lililonse limene walisiya linkatsala loyera mkati, timapesi tokhatokha, ndendende akakombo amene Kamluzu ankawadziwa.

"Ukuchita chiyani?" anafunsa, mawu ali osasa.

"Ndikuchotsa mungu. Ndimafuna ndichite kusanache, musanadzuke. Dzulo tulo tinavuta kubwera." Sanatembenuke. "Amayi ankachita chonchi nthawi zonse mukamabwera. Mukangoimba foni kuti mwakwera basi, iwo ankasiya chilichonse, ngakhale mphika pamoto. Maso atayamba kuvuta, ndi pamene anandiphunzitsa ine, kuti ndiziona amene awaphonya."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifuwa chanucho. Ankati muli wamng'ono munatsala pang'ono kuwafera m'manja, mutasewera m'maluwa omwewa. Adokotala anati ndi mungu. Malemu abambo anu anatenga khasu kuti azule onse, koma amayi anakana. Akakombowa anachoka nawo kwawo pokwatiwa. Ndiye analonjeza kuti mwana sadzaupumanso, maluwanso sadzazulidwa."

"Chifuwa chinatha ndili kusukulu."

"Ndinawauzapo zimenezo. Anandiyankha kuti, 'Chinatha chifukwa cha ndani?'"

Kamluzu anayang'ana madzi a m'beseni. Ankafuna kukwiya, ndipo anafufuza mkwiyo uja paliponse m'mtima mwake, koma anangopeza kutopa.

"Bwanji osandiuza? Zaka zonsezi, bwanji osangondiuza?"

"Amayi anu mukuwadziwa, alamu. Pakamwa pawo pankatuluka zokalipa zokha, zabwino ankachita ndi manja. Ankatinso mukadziwa muzidziona ngati wodwala, mwinanso muzisiya kubwera nyengo ya maluwa kuti musawavutitse." Anabudula kamutu kena. "Kuchipatala kuja sanathe kumaliza mawu. Koma ine ndinamva chimene ankanena. Ankadziwa kuti mubwera, ndipo iwo sadzakhalapo kuti achotse."

Kansanje kena kanamulumabe Kamluzu, koti mlendoyu ankadziwa chinthu chimene mwana wawo weniweni sankachidziwa. Koma kanali kofooka, ndipo kanadutsa. Anayang'ana mulu wa koriyanda umene unali utayamba kufota pafupi ndi mpanda, thumba la saka lili pansi pamene analitaya, ndi timbale tija tili pambali pake pakhonde.

"Mbewu ija," anatero, "palibiretu chimene tingachite?"

"Mwina ina inagwera pansi chaka chatha. Koriyanda ndi wamakani, amamera yekha. Tidzaona mvula ikagwa."

"Undiimbire ikamera."

"Mudzabwere mudzaone nokha."

Mlamuyo anamaliza duwa lotsiriza, nazungulira mzere wonse kachiwiri, akusuzumira m'duwa lililonse. Kenako anavundikira kachitini kaja ndi tsamba, n'kubwera chakukhonde. Tsitsi lake linali losapesa, mapazi ali ndi matope. Zala zake zinali psuu, zofiirira mpaka m'zikhadabo, mtundu umene Kamluzu anauona moyo wake wonse pa zala zina, osafunsa kuti unkachokera kuti.

Misozi imene inakana kutuluka kumanda inabwera tsopano, yambiri, yopanda phokoso. Kamluzu anaimirira, juzi ya mlongo wake ikulendewera m'mapewa, natambasula manja onse awiri.

Mlamu wake anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kubisa manja kumbuyo.

"Musandikhudze, alamu. Dikirani ndisambe kaye."

Anapita kumpopi. Madzi anayamba kulira pa simenti, ndipo Kamluzu anaima pakhonde, manja ali chitambasulire, n'kudikira.